Maluwa Tikadali Moyo: Nthabwala za ku Vumba

Ife ana ndi zidzukulu za machona okhala kuno ku Mutare tili ndi sosaite yathu ya maliro. Makolo athu anachokera ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mangochi, ena ku Chipata ndi ku Angonia, kudzagwira ntchito m'migodi ya golide ya ku Penhalonga, kunjanji, m'mapulazi ndi m'makhitchini a azungu. Anatisiyira chinenero, nsima yolimba ndi buku la zopereka za mwezi ndi mwezi. Tsono pamsonkhano wina ku Sakubva a Tcheya anaimirira n'kunena kuti: "Abale anga, zaka zonsezi sosaite ino yakhala ikugulira anthu maluwa, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anadzukapo kuti zikomo. Ulendo uno tiyeni tikaone maluwa tikadali moyo."

Anthu anaomba m'manja, kupatula a Msungichuma, amene anafunsa ngati malamulo a sosaite amalola kuwonongera ndalama munthu amene akupuma. A Mlembi anavundukula buku lonse osapeza ndime yoletsa. Wotiperekeza anapezeka pomwepo: mdzukulu wa a Tcheya, mtsikana amene anaphunzira za nkhalango ku koleji ya kuseri kwa Christmas Pass. Zimene zinachitika pa maulendo athu a m'mwezi wa December ndi izi.

Pageti

Munda wa Vumba Botanical Gardens uli pamtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera m'tauni, pamwamba pa mapiri oyang'anizana ndi Mozambique, ndipo amauyang'anira ndi a ZimParks. Polowa pamakhala malipiro. Amalume atamva zimenezo anagwira thumba la jekete.

"Iwe mwana, tikalipira tikadya chiyani mkatimo?"

"Simukadya kanthu, amalume. Mukaona mitengo."

"Nanga iyi takhala tikudutsa njira yonseyi n'chiyani?"

"Ndi mitengonso."

"Yaulere?"

"Eya."

"Ndiye mundipeza pano. Ine ndaona kale."

Anachita kuwakankha. Atalowa anasanduka wotsalira kumbuyo tsiku lonse, chifukwa pamtengo uliwonse ankaima, kuuyang'ana kuyambira kutsinde mpaka kunsonga, n'kuuzungulira kawiri. Tikawaitana ankangoti, "Tsogolani, ine ndikumaliza ndalama yanga."

United kapena City

Mdzukulu anatisonkhanitsa pakapinga n'kuyamba ndi mbiri. Anati mundawu anauyamba ndi Fred Taylor, mzungu wabizinesi amene anakhalapo meya wa tauni yathu masiku amene inkatchedwa Umtali. Iye ndi mkazi wake anayamba kubzala maluwa kuno m'zaka za m'ma 1920, malowo n'kuwatcha Manchester Park, ndipo boma linadzawatenga chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950.

Anyamata awiri amene ankawodzera kumbuyo anadzidzimuka.

"Asisi, Manchester yake iti? United kapena City?"

"Si za mpira, achimwene."

"Ndi United basi," anatero wina. "Simukumva? Mbiri yakalekale yokhayokha."

Mnzakeyo anayamba kuvula jekete. A Mlembi analemba m'buku kuti phunziro loyamba linatha ndi kuleretsa ndewu.

A Mkulu avula chipewa

Titalowa pakati pa mitengo ikuluikulu, a Mkulu wa mpingo anaona timapale tolembedwa maina patsinde pa mitengo ina. Anavula chipewa, n'kuyamba kuyenda monyang'ama, manja kumbuyo.

"Tsitsani mawu, abale. Azungu ambiri anathera kuno."

Anawerama n'kuwerenga pang'onopang'ono: "Po-do-car-pus. Ameneyu ndikumukumbukira. Anali Mgiriki, anali ndi sitolo mumsewu wa Main, uja masiku ano tikuti Herbert Chitepo. Munthu wabwino, kungoti ngongole sankapereka."

Mdzukulu anawauza kuti si manda, ndi maina a mitengo m'Chilatini. Anafotokoza kuti kuyambira mu 1753, pamene katswiri wa ku Sweden, Carl Linnaeus, anakhazikitsa dongosolo limeneli, chomera chilichonse chimakhala ndi maina awiri, la banja ndi lakelake, kuti wa ku Zomba ndi wa ku London akamakamba za mtengo umodzi asasokonezane.

A Mkulu anavalanso chipewa. "Wachita bwino kunena msanga. Ndinatsala pang'ono kuyambitsa nyimbo."

Amene anakhumudwa ndi a Msungichuma. Iwo anali atawerenga kale timapale 23, n'kumadandaula kuti anthu onsewa anaikidwa popanda sosaite.

Taona, n'koyera

Chimene mdzukulu anatinyadira nacho kuyambira m'kombi ndi malo oonera patali. Anati kukakhala kowala munthu amaona zigwa za ku Mozambique mpaka damu la Chicamba, pakuti mapiri a Vumba ndi aatali ndithu, nsonga yake ya Castle Beacon imafika mamita 1,911. Koma mapiri amenewa ndi kwawo kwa chifunga. Pamene tinkafika, chinali chitatsika moti wina sankamuona mnzake.

Mwana wa anthu sanagonje. Analoza m'chifungamo n'kumati, "Uko ndi ku Manica. Apo pali damu. Chakumanzere kuli msewu wa ku Beira."

Amayi ena anagwedeza mutu mwaulemu. "Zikomo mdzukulu, taona. Dziko loyera bwino."

A Mkulu anati ulaliki wa Lamulungu aupeza, mutu wake ndi chikhulupiriro.

Nthawi yomweyo foni ya amalume inalira. Unali uthenga wa m'Chipwitikizi wowalandira ku Mozambique. Anabwerera chafutambuyo mapazi atatu n'kugwira mtengo.

"Ndalowa liti? Pasipoti ndilibe ine!"

"Mukadali ku Zimbabwe, amalume. Ndi netiweki yokha yadumpha malire."

"Netiweki imakanika kulowa kuchipinda kwanga ku Dangamvura, lero ikuwoloka malire osadinditsa pachipata cha Forbes?"

Nkhoswe ndi nankafumbwe

Tinafika pa zomera zina zofanana ndi kanjedza, zamasamba olimba obaya, zimene akatswiri amati cycad. Mdzukulu anati mtundu wake ndi wakale zedi, unalipo nthawi ya zinyama zikuluzikulu zija zotchedwa dinosaur, ndipo wina wa m'mapiri omwe ano anautcha Encephalartos manikensis potengera dera la Manica. Ku Mulanje kulinso m'bale wake. Anachenjeza kuti kukumba chomera chimenechi ndi mlandu waukulu, chifukwa akuba amazigulitsa kwa anthu olemera mpaka zina zatsala pang'ono kutheratu m'tchire.

Kenako ananena chimene chinadzutsa amayi. Pa zomera zimenezi pali zazimuna ndi zazikazi, chilichonse pachokha.

"Nanga zimakumana bwanji poti siziyenda?"

"Pali tizilombo timene timanyamula ufa wa chachimuna kupita nawo kwa chachikazi. Tina ndi ta mtundu wa nankafumbwe."

"Nankafumbwe ndiye nkhoswe? N'chifukwa chake maukwati a masiku ano akufumbwa."

Mayi wina anayandikira chachimunacho. "Tsono ichi ntchito yake n'chiyani pabanjapo?"

"Chimangoima pomwepo, amayi. Chimakula pang'onopang'ono, chikhoza kutha zaka zoposa 100 chili malo amodzi."

Mayiwo anatembenuka kuyang'ana amuna awo. "Bambo a ana, bwerani mudzapereke moni kwa achibale."

Munda wopanda ndiwo

M'mbali mwa kanjira munali mutamera chisoso chanthete, chonenepa ndi mvula. Amayi atatu anawerama nthawi imodzi.

"Siyani, amayi, muno sitithyola kanthu. Komanso amenewo ndi maudzu, ogwira ntchito adzazula n'kukataya."

"Kukataya? Chisoso?"

Anaweramuka mokwiya ndipo kuyambira pamenepo mafunso anasintha.

"Awa abuluuwa amadyedwa?"

"Ayi."

"Nanga aatali masambawa?"

"Ayi."

"Ofiira okhala ngati moto aja?"

"Amenewo ndiye musayerekeze. Ndi flame lily, duwa la dziko la Zimbabwe. Lili ndi poizoni kuyambira kumizu mpaka kumaluwa, ndipo kulithyola m'tchire lamulo limaletsa."

Mayi wamkulu anaika manja m'chiuno n'kuyang'ana timitsinje tosaphwa, dziwe lodzaza, komanso dothi lakuda bii.

"Madzi onsewa, chonde chonsechi, popanda ndi phata limodzi la mpiru? Iwe mwana, wati mzungu uja anali ndi mkazi?"

Duwa la ndale

Maluwa abuluu aja ndi hydrangea, ndipo nthawi ya mvula ku Vumba amachita kusefukira. Mdzukulu anati ali ndi khalidwe lodabwitsa. M'dothi la asidi wambiri amatuluka abuluu, koma ukathira laimu n'kuchepetsa asidiyo, chitsamba chomwecho chimayamba kutulutsa apinki.

"Chomwecho?" anafunsa a Tcheya.

"Chomwecho, agogo. Mizu yomweyo, masamba omwewo. Chimangoona chimene chili m'dothi."

Alamu athu, amene anali atangobwera kumene kuchokera ku Lilongwe kudzacheza, anaseka mpaka kukhala pansi.

"Limeneli kwathu tili nalo. Limakhala ku Nyumba ya Malamulo, ndipo limasintha pa zaka 5 zilizonse. Kungoti lathu silidikira laimu, envelopu imakwana."

Za mnzanga wina

Pokamba za mitengo ya mankhwala, mdzukulu anadandaula kuti ina ikusowa chifukwa anthu amakumba ndi mizu yomwe. Anapereka chitsanzo cha gondolosi, chomera choyanga chimene akatswiri amati Mondia whitei. Anati kumene kale ankapezeka pafupi ndi mudzi, lero okumba amayenda mtunda, pakuti chimene chimafunidwa ndi muzu, ndipo muzu ukachoka chomera chatha.

Azibambo onse anayang'ana kumwamba, wina kumayimba kaluzu. Palibe anafunsa funso.

Titayambanso kuyenda, bambo wina anatsalira dala n'kumunong'oneza mdzukulu. "Mwanawe, chomera chija muno chilimo? Si ine ayi, pali mnzanga wina." Patangopita kanthawi anabwera wina, nayenso za mnzake. Kenako a Mlembi, amene anati atumidwa koma sangatchule wowatuma.

Pofika padziwe mtsikanayo anaima n'kukweza mawu. "Azibambo anga, mnzanu ameneyu ndi mmodzi kapena ndi ambiri? Anthu 7 andifunsa za iye. Mukamuuze kuti apite kuchipatala akamuyeze shuga ndi BP."

Amayi anayankha onse pamodzi: "Usavutike mwana, tikumudziwa."

Pemphero la chakudya

M'nkhalango za Vumba muli nchima, anyani aja aubweya wotuwira amene kuno amati samango. Mdzukulu anatichenjeza kuti tisazipatse chakudya, chifukwa zikazolowera zimasiya zipatso za m'tchire n'kuyamba kuvutitsa alendo.

Amayi anayala zitenje, n'kutulutsa kamba: mpunga wa nkhuku, mabanzi, nthochi, masuku ogula panjira ndi chigubu cha thobwa. A Mkulu anati tonse titsinzine. Anayamba ndi kuthokoza chifukwa cha ulendo, anapempherera dalaivala, odwala, boma la Zimbabwe, boma la Malawi, mvula, ana a sukulu ndi abale a ku Joni mmodzimmodzi. Pamene tinkati ameni, phava la nthochi linali pamwamba pa mtengo, jumbo ya mabanzi ikulendewera panthambi.

Mwana wina anati anaona zonse.

"Bwanji sunakuwe?"

"Munati wotsegula maso alibe ulemu."

"Nanga iwe unaona bwanji?"

Mwanayo anayamba kulira. A Msungichuma anafuna kudziwa ngati mabanziwo alembedwe kuti anatayika kapena anaperekedwa kwa osowa. Chiyambire tsikulo, pemphero la chakudya la a Mkulu silidutsa mawu 10, ndipo amalipereka atagwira chivundikiro cha poto.

Kambalame ka ndege

M'kanjira ka m'nkhalango tinapeza azungu awiri ataima chilili, magalasi oonera patali ali m'maso, osaphethira. Mdzukulu anatiuza kuti tikhale chete. Anati akufuna kambalame kotchedwa Swynnerton's robin, kachifuwa kofiirira ndi kamzere koyera pakhosi, kamene kamapezeka m'nkhalango zochepa chabe za kum'mawa kwa Zimbabwe, ku Mozambique ndi ku Tanzania. Anthu amakwera ndege kuchokera kutali kudzakaona.

Amalume sanapirire. Anamukoka mdzukulu kuti awamasulire.

"Afunse, akakaona atani nako?"

"Akuti alemba m'buku."

"Kenako?"

"Kenako abwerera kwawo."

"Osakagwira n'komwe?"

"Osakagwira."

Amalume anawamvera chisoni kwambiri. "Auze kuti asavutike kuima tsiku lonse. Pali mwana pano wodziwa legeni. Pa mphindi 5 akhala atakagwira m'manja, akaone mbali zonse."

Mdzukulu anatembenukira azungu aja n'kulankhula Chingerezi chachifupi. Iwo anamwetulira, n'kuwagwira chanza amalume.

"Wawauza chiyani?"

"Ndati mukuwafunira ulendo wabwino."

Tiyi pakapinga

Wamkulu pa tonse anali Agogo, amene anabwera kuno mu 1957, nthawi ya Chitaganya, kudzera ku Tete, mbali ina pansi mbali ina palole. Anagwira ntchito ya m'maluwa kumayadi a ku Murambi zaka 40. Tsiku lonse sanalankhule zambiri. Ankangoti akaona chitsamba n'kunena kuti ichi anachidulira mochedwa, ichi chikufuna manyowa, ndipo mdzukulu wa kukoleji ankavomera chilichonse.

Titafika pakapinga wamkulu wa m'mbali mwa dziwe, Agogo anaima. "Ana inu, ine kapinga ndatchetcha, ndathirira, ndazulira. Koma kukhalapo sindinakhalepo."

Anavula nsapato, anapereka ndodo kwa mwana, n'kugona chagada, chipewa kumaso. Tonse tinangoti zii. Kenako tinamva kuwomba m'manja kawiri.

"Boyi! Tiyi!"

Anthu anagwa nacho chiseko, ndipo a Tcheya enieniwo anathamanga ndi kapu ya thobwa n'kugwada. Koma ulemererowo sunakhalitse. Agogo potembenuka anaona kaudzu kachilendo pafupi ndi khutu lawo. Posakhalitsa anali chogwada, akuzula ndi kuunjika pambali.

"Agogo, lerotu ndinu alendo, mwalipira."

"Ndikudziwa. Koma manjawa sanauzidwe."

Alawansi

Madzulo mdzukulu anatiphunzitsa kupanga kompositi, poti feteleza wakwera mtengo ndipo aliyense ali ndi kadimba kuseri kwa nyumba. Anati pansi uyale mapesi ndi timitengo kuti mpweya uzilowa, pamwamba pake masamba aawisi, kenako ndowe, kenako dothi pang'ono ndi phulusa, n'kubwerezanso mpaka mulu ufike m'chiuno. Uziwaza madzi kuti pakhale chinyontho koma pasachite matope, uzitembenuza pakapita milungu ingapo. Ukazika ndodo pakati n'kuitulutsa yofunda, ndiye kuti zikupsa. Pa miyezi iwiri kapena itatu manyowa apsa.

"Pali funso?"

Alamu a ku Lilongwe anakweza mkono. "Pepala losayina lili kuti?"

"Losayina chiyani, alamu?"

"Alawansi. Takhala pansi, tamvetsera, tafunsa funso."

"Kuno kulibe zimenezo."

"Fanta?"

"Kulibe."

"Ndipo talipira tokha pageti? Kwathu zimenezi sitizitcha maphunziro."

Agogo anapisa m'chikwama n'kutulutsa ndalama yapepala ya madola 100 trillion, ija inatuluka mu 2009 mitengo ya zinthu itapenga. "Nayi alawansi yanu, alamu. Musaope kuchuluka. Mukaiike pakati pa ndowe ndi phulusa, imawola bwino."

Zenera la ku La Rochelle

Ulendo unakoma moti Loweruka lina tinapitanso ku La Rochelle, m'chigwa cha Imbeza, njira ya ku Penhalonga. Nyumba ndi munda umenewu anamanga ndi Sir Stephen Courtauld ndi mkazi wake Lady Virginia, amene kale ankakhala ku Eltham Palace mu London ndipo anasamukira kuno mu 1951. Chuma cha banja lawo chinachokera ku mafakitale a nsalu. Ndi omwewa anapatsa tauni yathu Courtauld Theatre ndi Queen's Hall, ndipo malowa anawasiyira bungwe limene lero ndi National Trust of Zimbabwe.

M'nyumbamo muli mazenera amene alendo awo ankasayinapo maina pagalasi ndi cholembera cha nsonga ya dayamondi. A Mlembi anayang'anitsitsa n'kupukusa mutu.

"Ine ndili Sitandade 4 ndinalemba dzina langa pazenera la kalasi ndi msomali. Ndinakwapulidwa pamaso pa sukulu yonse. Awa akuti ndi mbiri."

Mnyamata wina, amene aliyense amadziwa kuti anasowapo miyezi ingapo nthawi imene anthu ankathamangira dayamondi ku Chiadzwa mu 2006, anafunsa motsitsa mawu: "Cholemberacho anachisiya kuti?"

Tonse tinamuyang'ana.

"Ndikungofunsa za mbiri."

Amayi atamva kuti Lady Virginia anali ndi chithunzi cha njoka chodindidwa pamwendo, anagwirana mapewa. "Dona wathunthu, mphini za njoka? Nanga amishoni ankalimbana ndi mphini za amayi athu chifukwa chiyani?"

Chikanda cha m'galasi

Chonyaditsa cha La Rochelle ndi nyumba zosungiramo maluwa a orchid, ena ochokera kumaiko akutali, osamalidwa pamthunzi ndi chinyontho choyeza. Mdzukulu analankhula monong'ona. Anati mbewu zake ndi zazing'ono ngati fumbi, ndipo m'tchire sizimera popanda thandizo la nkhungu ina ya m'dothi, n'chifukwa chake kuchulukitsa maluwawa n'kovuta. Anawonjezera kuti ali ndi abale ake omera pansi m'madambo ndi m'mapiri, okhala ndi timbatata kumizu.

Mayi wina wobadwira ku Chipata anatukula mutu. "Timbatata tozungulira, tolimba?"

"Eya, amayi."

"Si chikanda chimenecho? Timasinja, kusakaniza ndi nsinjiro ndi soda, kuphika mpaka chilimbe, n'kumadula ndi mpeni."

Mdzukulu anavomera kuti n'zoona, ndipo anati malonda a chikanda akula kwambiri moti okumba amafika mpaka ku Tanzania ndi ku Nyika, maluwawo n'kumatha.

Mayiwo anayang'ana miphika yonse ija mzere ndi mzere, akuwerenga ndi milomo. Mdzukulu anaima pakati pa iwo ndi maluwa.

"Awa alibe timbatata, amayi."

"Ndaona. Ndiye n'chifukwa chake akadalipo."

Obwera

Potuluka tinaima pamalo poonekera mapiri odzaza paini, bulugama ndi wattle. Mdzukulu anati mitengo yonseyi ndi yobwera. Paini wambiri wa kuno kwawo ndi ku Mexico, bulugama ndi wattle ku Australia. Azungu anaibweretsa kuti iwagwirire ntchito: matabwa, mapolo, ndi makungwa a wattle ofufutira zikopa. Vuto ndi loti ina inathawa m'minda, n'kuyamba kumera yokha m'mapiri a Vumba ndi Nyanga, kulanda malo a zomera za konkuno ndi kumwa madzi ambiri. N'chifukwa chake yomera kutchire amaidula.

Agogo anatulutsa chitupa chawo chachitsulo, chija chinalembedwa kuti iwo ndi mlendo. Ana awo obadwira konkuno anachita kudikira malamulo a dziko a 2013 kuti aziwerengedwa nzika popanda kukokanakokana. Anapita pa bulugama wina n'kumusisita.

"Pepa mnzanga. Anakutenga kwanu, wagwira ntchito, wabereka ana, lero akuti wachuluka."

Mdzukulu anachita manyazi. "Agogo, mitengo ndi anthu n'zosiyana. Munthu samaumitsa mtsinje."

"Ndamva. Tsono tandiuza, chimanga kwawo n'kuti?"

"Ku Mexico."

"Kwawo kwa paini komwe? Nanga chinangwa, mtedza?"

"Ku South America."

"Mango?"

"Ku India."

"Mbadwa ndani tsono?"

"Mapira, mawere, khobwe, nzama."

Agogo anabweza chitupa m'thumba. "Wamva, Tcheya? Wobwera amene amalowa mumphika safunsidwa chitupa."

A Msungichuma anati mawuwo ndi abwino, koma Agogo akumbukire kuti ali ndi ngongole ya miyezi iwiri.

Pa Christmas Pass

Pobwerera kombi yathu inayamba kutsokomola tisanafike pamwamba pa Christmas Pass. Ndi phiri lomweli limene linakanika sitima, mpaka tauni yonse inachita kusamutsidwa kuchoka ku Old Mutare m'zaka za m'ma 1890 kuti ikakumane ndi njanji ya ku Beira. Chimene chinakanika sitima, kombi ya chitseko chomangira chingwe ikanachitha bwanji? Inafuka nthunzi n'kuima. Thobwa lotsala linathera m'mimba, madzi akumwa onse anathera mu injini, ndipo azibambo 7 aja anapatsidwa mpata woonetsa mphamvu zawo pokankha.

Tikudikira kuti injini izizire, a Tcheya anatsegula msonkhano m'mbali mwa msewu kuti tisankhe kopita chaka chamawa. Ena anati ku Cecil Kop kukaona nyama, ena ku Murahwa's Hill, alamu anati kulikonse kumene kuli alawansi. Mavoti ambiri anagwera ku Mutare Museum, kumene amasunga magalimoto akalekale, ngolo ndi mainjini a makedzana.

A Tcheya anatembenukira dalaivala. "Achimwene, mudzatitenganso inu nomwe."

Dalaivala anatulutsa mutu pansi pa mpando, nkhope yonse ili mafuta okhaokha.

"Kudzakutengani ndidzakutengani, bambo. Koma ndidzakutsitsirani patali. Akadzaiona iyi pageti, sadzandibwezera."